Malangizo a pa Banja: Za Mthuthuthu ndi Wouyendetsa

Mwezi uno tikambirane za njinga ya moto, imene akuru amaitcha mthuthuthu. Masiku ano yafika m'midzi monse: anyamata a kabaza anyamula odwala kunka nao ku chipatala, amai ku chigayo, ndi mbeu ku msika. Nchinthu chothandiza ndithu, koma walira mvula walira matope.

Choyamba ndicho chipewa. Lamulo la pa mseu la m'Malawi, la chaka cha 1997, lilamula kuti woyendetsa ndi wokwera yemwe abvale chipewa choteteza mutu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linanena m'chaka cha 2023 kuti anthu 1.19 miliyoni amafa pa mseu chaka chiri chonse, ndi kuti chipewa chabwino chichepetsa kubvulala kwa ubongo ndi magawo ofika 74 mwa magawo 100. M'kati mwache muli chofewa chimene chiphwanyika m'malo mwa chigaza. Chifukwa chache chikagunda pansi kolimba kamodzi, ntchito yache yatha, chingakhale chioneke chabwino kunja. Chipewa cha omanga nyumba sichikwanira iai. Ndiponso chosamanga lamba pansi pa chibwano chimauluka mwini wache asanafike pansi.

Chachiwiri ndiyo njinga yomwe. Kodi ndani ayenera kuona ngati iri bwino? Si makaniko, si wapolisi, koma iye amene agwira chiwongolero, ingakhale njingayo iri yobwereka. M'mawa muli monse, musananyamuke, yesani mabureki onse awiri, akutsogolo ndi akumbuyo. Penyani matayala ngati ali ndi mpweya wokwanira ndi mizere yosafafanizika, pakuti tayala losalala literera m'matope ndi mumchenga. Tcheni chisalende, ndipo chisaume. Nyale, hutala ndi magalasi zikhale zogwira ntchito. Dziwaninso kuti mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira mabureki uwirikiza kanai. Laisensi, inshuwalansi ndi kulembetsa njinga ku boma musazione ngati chizunzo chabe. Tsiku la ngozi mudzazifuna.

Wokwera akhale mmodzi, pakuti katundu wopambana muyeso alepheretsa mabureki. Inu amai, pindani chitenje bwino, chingakodwe m'tcheni kapena m'masipoko. Woyendetsa abvale nsapato zotseka, osati patapata. Ndipo akalawa mowa, njinga igone.

Tsono inu makolo, amene mwagulitsa fodya kapena soya kuti mugulire mwana wanu njinga, musayese kuti mwatsiriza musanagule zipewa ziwiri. Mtengo wa chipewa ngwochepa poyerekeza ndi wa bokosi la maliro, ndi umasiye wa adzukulu anu. Ndipo inu okwera, musachite manyazi kukana njinga yopanda nyale kapena ya mnyamata wonunkha kachasu. Kuli bwino kufika mochedwa ndi miyendo yanu. Kumbukirani mau a makolo athu akuti chakudza sichiimba ng'oma.

Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.