Chinangwa chowawa sachichitira phuma

Njala ikavuta kuno ku Phalombe, ndimada nkhawa ndi ovuula chinangwa chowawa chisanafewe.

M'maselo a thupi lathu muli tizigawo topanga mphamvu totchedwa mitochondria. Poizoni wa cyanide wa m'chinangwa amatsamwitsa tizigawoti. Selo limapanga puloteni ya rhodanese n'kuilowetsa m'menemo kuti isukulutse poizoniyo, koma ntchitoyi imalira salufa wochokera m'ndiwo monga mazira ndi matemba a ku Chilwa.

Mu 1981, chilala chitagwa ku Nampula m'dziko la Mozambique, anthu oposa 1,000 adapuwala miyendo atadya chinangwa chosakonza bwino popanda ndiwo zokwanira.

Tsono abale anga, sendani chinangwa, muchiviike masiku atatu kapena anayi, muchiyanike chiumitsitse. Ana asadye nsima yake popanda ndiwo.