MWANA ASANAKWERE BASI YA KU JONI, KUDZIWIKE KUMENE AKAGONE

Chaka chiri chonse, mwezi wa January ukamapita kumapeto, mabasi ochoka ku Blantyre ndi ku Lilongwe amanyamula anyamata ndi asungwana opita kukayamba maphunziro apamwamba ku Johannesburg. Amadutsa ku Tete, ku Harare ndi pa Beitbridge, nakatsika pa Park Station ali otopa ndi ulendo wautali. Ndi chinthu chonyaditsa ndithu kuti mwana wa dziko lino apeze malo pa University of the Witwatersrand kapena pa University of Johannesburg, ndipo mabanja ambiri amagulitsa ng'ombe, fodya ngakhale malo kuti fizi ikwane. Komatu pali funso limodzi limene makolo amafunsa potsiriza, pamene lidayenera kukhala loyamba: kodi mwanayu akagona kuti, nanga ndani akazindikire ngati usiku wina sanabwerere kuchipinda kwake?

Mzinda wa Johannesburg, umene Amalawi adautcha Joni, si wachilendo kwa anthu a dziko lino. Agogo a ana omwewa adapitako ndi Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya golide. Moyo umenewo unali wowawa, ndipo ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, imene idapha anthu oposa 70 pamene ogwira ntchito m'migodi ankabwerera kwawo kuno, sidzaiwalika. Komabe munthu wa Wenela ankapita m'gulu, dzina lake litalembedwa m'buku, ndipo pa komboni ankapeza anzake a kwawo. Wophunzira wa lero amapita yekha, ndi chikwama chake ndi foni m'thumba. Amalowa mu mzinda umene kalembera wa 2022 adapezamo anthu pafupifupi 4.8 miliyoni, pamene mzinda wa Lilongwe pa kalembera wa 2018 unali usanakwane miliyoni imodzi. Kumudzi, ngakhale ku Ndirande kumene, munthu akasowa tsiku limodzi anansi amayamba kufunsana. M'nyumba zosanjikizana za mu mzinda waukulu chotere, munthu angathe kudwala sabata lathunthu popanda wogogoda pakhomo.

Malo ogona a m'sukulu za ukachenjede zimenezi sakwanira ophunzira onse. Otsalawo amafuna zipinda za lendi ku Braamfontein, ku Auckland Park, ku Doornfontein ndi m'madera oyandikana nawo monga Hillbrow ndi Berea. Tsono popeza kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, randi iri yonse imene kholo limatumiza imatuluka ndi thukuta lambiri. Fizi sachita kunenerera, mtengo wa basi nawonso sachita kunenerera. Motero pamene banja limaona kuti lingapulumutsirepo ndalama ndi pa lendi, ndipo ngozi imalowera pomwepo.

Zimene zidachitika ku Marshalltown, pakati pa mzindawo, ziyenera kukumbukiridwa ndi kholo liri lonse. Usiku wolowera pa 31 August 2023, moto udabuka m'nyumba yosanjikizana kasanu yotchedwa Usindiso, ndipo anthu 76 adamwalira, ena mwa iwo Amalawi. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda, koma idasiyidwa m'manja mwa anthu otolera lendi popanda lamulo. M'kati mwake anthu adagawana timazipinda ndi matabwa ndi mapulasitiki, ndipo zitseko zachitsulo zimene zidaikidwa poopa akuba ndizo zidatsekera anthu njira yothawira, kotero kuti ena adalumpha pa mawindo. Bungwe lofufuza limene adatsogolera woweruza milandu wopuma pantchito, Sisi Khampepe, lidanena mu 2024 kuti khonsoloyo idalephera udindo wake. Amene adafawo adalowa m'nyumbayo chifukwa cha lendi yotsika, ndipo nyambo yomweyo ndiyo imakopa wophunzira amene ndalama zamuchepera.

Njira yopewera zoterezi iripo ndipo siivuta. Sukulu zonse ziwirizi ziri ndi ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja, ndiponso mndandanda wa nyumba za lendi zimene zidayenderedwa ndi kuvomerezedwa. Kholo lanzeru lilembere ofesi imeneyo mwana asananyamuke. Lifunse ngati nyumbayo iri pa mndandanda, ngati pali mlonda usana ndi usiku, ngati pali khomo lothawira moto ukabuka, ndiponso ngati basi ya sukulu imafika pafupi, kuti mwana wochoka ku laibulale usiku asayende pansi mtunda wautali. Ndalama ya chikole isatumizidwe kwa munthu wongopezeka pa Facebook kapena pa WhatsApp ndi zithunzi za chipinda chokongola, pakuti akathyali ambiri amalandira chikole cha chipinda chimene si chawo, mwina chimene kulibe n'komwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Tsiku lofika nalonso likonzekeredwe. Mlendo woima pa Park Station ndi zikwama ziwiri, akuyang'ana uku ndi uku, foni iri m'manja, amadziwika msanga kwa mbava. Pakhale munthu wodziwika womuchingamira, ndipo ngati n'kotheka afike dzuwa lisanalowe. Mwana auzidwe momveka kuti achifwamba akamupanikiza apereke foni ndi chikwama osalimbana nawo, chifukwa foni ina idzagulidwa. Aloweze pamtima nambala ya apolisi, 10111, ndi nambala ya 112 imene imaimbidwa pa foni ya m'manja pakagwa zadzidzidzi, pamodzi ndi ya alonda a pa sukulu pake.

Mapepala nawonso ndi chitetezo. Lamulo la South Africa limafuna kuti wopempha chilolezo chophunzirira akhale ndi inshuwalansi ya chipatala yovomerezeka m'dzikomo, ndipo limamulola kugwira ganyu maola osapitirira 20 pa sabata. Wophunzira amene walekerera chilolezo chake kutha, kapena wagwira ntchito mopyola lamulo, amayamba kuopa apolisi amene akadamuthandiza, motero amasanduka nyama yosavuta kwa omudyera masuku pamutu. Pasipoti isaperekedwe kwa mwini nyumba kapena kwa bwana ali yense kuti aisunge, ndipo makope ake atsale kwa makolo.

Za chidani cha alendo sizingabisike. Mu May 2008 zipolowe zidayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 adaphedwa. Mu April 2015 zidabukanso ku Durban n'kufika ku Johannesburg, mpaka Boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Mu September 2019 masitolo a alendo adaphwanyidwanso mu mzindawo. Pa nthawi ngati zimenezi amene amathandizidwa msanga ndi amene akudziwika kumene ali. N'chifukwa chake wophunzira akafika adziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena nthambi yake ya ku Johannesburg. Apezenso mpingo kapena mzikiti wake, ndipo apalane ubwenzi ndi anzake a m'kalasi eni dzikolo, pakuti iwowo ndiwo amadziwa msewu wosayenera kudutsamo ndi tsiku loyenera kukhala m'nyumba.

Chomaliza chiri m'manja mwa makolo okha. Mwana amene akudziwa kuti ng'ombe zidagulitsidwa chifukwa cha iye amachita manyazi kunena kuti waberedwa, kuti wathamangitsidwa m'nyumba, kapena kuti mwamuna wina akumuvutitsa. Amangoti zonse ziri bwino, kwinaku akugona pa mkeka kwa munthu wosamudziwa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Bambo ndi mayi amuuze asananyamuke kuti vuto liri lonse alinene tsiku lomwelo, ndipo akalinena asayambe ndi kumukalipira. Pakhale tsiku lokhazikika pa sabata lolankhulana, ndipo kumudzi kukhale nambala ya munthu wachiwiri amene amamuona mwanayo tsiku ndi tsiku.

Zonsezi sizikutanthauza kuti ana aleke kupita kunja, ndipo lingakhale tsoka lalikulu ngati mantha angachititse makolo kuletsa ana aakazi pamene aamuna akuloledwa. Dziko lino likusowa madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi, ndipo ambiri adaphunzira mu mzinda womwewo nabwerako mwamtendere. Chofunika n'chakuti powerengera ndalama za ulendo, lendi ya nyumba yodalirika iikidwe pa mzere umodzi ndi fizi. Ngati ndalama za zonse ziwiri sizinakwane, n'kwabwino kuti mwanayo adikire chaka chimodzi kusiyana n'kumutumiza kukagona kumene makolo ake sakukudziwa.