Masipuling'i oonjezera sasandutsa pikapu kukhala lole

Nyengo yokolola mpunga ikafika, m'miyezi ya May ndi June, pansi pa mitengo ya mango ya kuno ku Chia pamasanduka magalaja. Uyu wakweza Toyota Hilux yake pa miyala, akuonjezera zitsulo ku masipuling'i a kumbuyo. Uyo wakoloweka tcheni ku nthambi, akuchotsa injini yakale mu Land Rover kuti aikemo ya dizilo imene wagula ku Biwi mumzinda wa Lilongwe. Ine ntchito yanga ndi ya ulangizi wa mbewu, koma nkhaniyi ndiyenera kuyankhulapo, chifukwa phindu la mlimi limaoneka katundu akafika pamsika ali bwino, mwini wake ali moyo.

Maganizo anga ndi awa: kusintha injini yotha ndi nzeru, malinga ntchitoyo igwiridwe mwadongosolo. Koma kuonjezera masipuling'i pofuna kunyamula katundu woposa muyeso wa galimoto ndi kudzikumbira dzenje.

Tiyambe ndi injini. Land Rover Series III inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ndipo zambiri zinkabwera ndi injini ya malita 2.25. Galimotoyi imayenda bwino m'matope ndi mumchenga wa kuno kunyanja, koma injini ya zaka 40 kapena kuposerapo yatopa. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera, ndipo galimoto yatsopano inatalikira mlimi wamba. Choncho amene amasunga galimoto yakale n'kuiikira injini ya dizilo ya ku Japan, monga Toyota 3L ya malita 2.8 kapena Nissan TD27, sindimudzudzula ai.

Komabe pali zinthu zimene amakaniko a pansi pa mtengo amazidumpha kaamba kothamangira malipiro. Choyamba ndi mabuleki. Galimoto zambiri za petulo zimatenga mphamvu yothandizira phazi popondereza buleki kuchokera ku mpweya umene injini imakoka. Injini ya dizilo siipereka mphamvu imeneyi payokha, imafuna kapampu kapadera, kamene pa injini za Toyota za mtunduwu kamakhala kumbuyo kwa alternator. Kapampuka kakapanda kulumikizidwa, buleki amalimba ngati mwala, ndipo dalaivala amadzazindikira mwana atadumpha kale msewu.

Chachiwiri ndi kutentha. Tonse tikulidziwa dzuwa la October ndi November m'boma lino la Nkhotakota. Injini yokulirapo imafuna rediyeta yolingana nayo. Mukasiya yakale ija, injini imene mwagula ndi ndalama za mpunga wa chaka chonse idzawira pa chitunda choyamba. Chachitatu, injini ya Toyota 3L imayendera lamba wa timing amene amasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse. Inu simudziwa kuti injiniyo inayenda mtunda wotani kumene yachokera, choncho ikani lamba watsopano isanalowe m'galimoto. Lambayo akaduka galimoto ikuyenda, mavavu amapindika, ndalama zija n'kulowa m'madzi. Kumbukiraninso kuti giyabokosi ndi zitsulo zopititsa mphamvu ku matayala a kumbuyo a Land Rover yakale zinapangidwira injini yochepa mphamvu. Mukamanyamuka mwaukali mutasenza katundu, zimathyoka.

Pokweza injini, nthambi ya mango si yodalirika. Injini zoterezi zimalemera makilogalamu oposa 200. Mangani miyendo itatu ya mapaipi olimba, ndipo munthu asalowe pansi pa galimoto imene yangotsamira pa jeke. Oyilo wakale musamutaye pansi. Mvula ikagwa amakokolokera m'nyanja ya Chia, momwe muli chambo chimene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu wa M5.

Tsopano tibwere ku masipuling'i. Pikapu zambiri za mtundu wa Hilux zinapangidwa kuti zizinyamula pafupifupi tani imodzi, amene ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Mwini galimoto akaonjezera zitsulo ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse, galimoto imaleka kukhala pansi ngakhale aikemo matumba 40. Iye amasangalala poganiza kuti galimoto yapeza mphamvu. Chimene chachitika n'chakuti waizimitsa pakamwa. Kukhala pansi kuja inali njira ya galimoto youzira mwini wake kuti katundu wakwana.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa tayala lililonse pamalembedwa nambala yosonyeza katundu amene lingasenze. Tayala lolembedwa 106 malire ake ndi makilogalamu 950, ndiye kuti awiri a kumbuyo ndi makilogalamu 1,900. Matumba 40 ndi makilogalamu 2,000, ndipo pafupifupi onse amatsamira kumbuyo komweko, tisanawerengere kulemera kwa galimoto yeniyeniyo ndi anthu a matola okhala pamwamba pa matumba. Masipuling'i oonjezera sanasinthe tayala, sanasinthe mabelingi, sanakulitse mabuleki, ndipo chasisi ndi yomwe ija. Tayala lotere likatentha pa tala ya ku Salima limaphulika.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Hilux zambiri zakale zili ndi kavavu pafupi ndi matayala a kumbuyo kamene kamayesa kulemera kwa katundu poona mmene galimoto yatsikira, n'kuonjezera mphamvu ya mabuleki a kumbuyo. Masipuling'i akauma gwa, galimoto siitsika, kavavuka kamayesa kuti mulibe katundu, ndipo mabuleki a kumbuyo amagwira pang'ono pamene akufunika kwambiri. Kukweza galimoto m'mwamba kuti izidutsa m'madambo nakonso kuli ndi mtengo wake, chifukwa katundu akatalikira pansi galimoto siichedwa kugubuduzika pokhota.

Ndikudziwa yankho la alimi anzanga. Adzati mafuta ndi odula, maulendo awiri amadya phindu lonse, ndipo ukachedwa kutulutsa mpunga mavenda amakugula motchipa pakhomo. Zimenezi n'zoona. Koma ikani pa sikelo mafuta a ulendo wachiwiri mbali imodzi, mbali inayo muike matayala awiri, mpunga womwazika mumsewu ndi munthu wogonekedwa m'chipatala cha Nkhotakota. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Njira yabwino ilipo. Masipuling'i akatha, gulani ena a muyeso womwewo, musinthe mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mabawuti omangira atsopano. Chitsulo cha sipuling'i chikathyoka musachiwotcherere kapena kuchiwongola pamoto, chifukwa moto umachichotsa mphamvu. Pikapu igwire ntchito imene imaitha, yotuta matumba kuchokera kumunda kufika nawo pa tala. Kuchokera pamenepo, alimi asanu kapena khumi a m'kalabu imodzi asonkhe ndalama, achite hayala lole yopita ku Lilongwe. Thumba lililonse limayenda motchipa koposa, ndipo pamsika mumakhala ndi mawu chifukwa katundu ndi wambiri.

Pomaliza, amene mwasintha injini musaiwale mapepala. Pogula, tengani lisiti yolembedwa nambala ya injiniyo, chifukwa injini zina zimachokera m'galimoto zobedwa. Kenaka pitani ku ofesi ya Road Traffic kuti nambala yatsopano ilowe m'mabuku, galimoto iyesedwe, mulandire COF, ndipo a inshuwalansi muwadziwitse. Kwa alangizi anzanga ndi atsogoleri a makalabu, pempho langa n'lakuti pa misonkhano yokonzekera kukolola tizikambanso za kanyamulidwe ka mbewu monga momwe timakambira za feteleza ndi mitengo ya pamsika.