Kudya ndi Amphawi Si Kuwakonda

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri pakati pathu: akuti mtsogoleri wokondedwa ndi amphawi sangakhale wakuba, ndipo akachotsedwa pampando ndiye kuti olemera amuchitira kaduka. Ena amawonjezera kuti ansembe ndi maepiskopi azingosamala za paguwa, ndale azisiyire eni ake. Ine ndikukana zonse ziwiri, ndipo mboni yanga ndi Joseph Estrada wa ku Philippines, dziko limene anthu ake ambiri ndi Akatolika anzathu.

Estrada anatchuka ndi mafilimu, m'mene ankasewera ngati munthu wamba womenyera nkhondo oponderezedwa. Atakhala meya wa San Juan, senetala ndi wachiwiri kwa pulezidenti, mu 1998 anapambana upulezidenti ndi mfuu yakuti "Erap ndi wa amphawi", Erap likhala dzina limene omukonda amamutchula. Ankalowa m'zisakasa za m'tauni n'kudya ndi manja pamodzi ndi eni ake. Anthu anati uyu ndi wathu.

Sanathe zaka zitatu. Mu Okutobala 2000 bwenzi lake Luis Singson, bwanamkubwa wa chigawo cha Ilocos Sur, anaulula kuti ankamupititsira mamiliyoni a mapeso ochokera ku jueteng, juga ya manambala yoletsedwa ndi lamulo. Tiyeni tiime pamenepa. Kodi amatchova jueteng ndani? Si eni mabanki ayi. Ndi mayi wogulitsa nsomba pamsika, ndi bambo wa maganyu amene amaponya kandalama ka ndiwo poyembekezera mwayi. Chuma chimene chinkakwera kupita kwa mkuluyo chinali thukuta la amphawi omwewo amene ankamuimbira m'manja. Dzanja limodzi linali m'mbale mwawo, linalo m'thumba mwawo.

Kadinala Jaime Sin, arkiepiskopi wa Manila, ananena poyera kuti pulezidenti atule pansi udindo. Aphungu anamuimba mlandu mu Novembala. Pa 16 Januwale 2001 masenetala 11 anakana, pamene 10 anavomera, kuti itsegulidwe envulopu ya umboni wokhudza akaunti ya kubanki ya dzina lakuti Jose Velarde. Usiku womwewo anthu anayamba kusonkhana pa tchalitchi cha Maria Mfumukazi ya Mtendere, pa msewu wa EDSA. Pa 19 asilikali anamutaya, pa 20 Gloria Arroyo analumbiritsidwa.

Kodi Kadinala analowerera zosamukhudza? Maepiskopi athu atatulutsa kalata yawo ya mu 1992 anauzidwanso kuti abwerere kuguwa. Lero ndani angaimirire n'kunena kuti akanakhala chete? Mbusa woona fisi m'khola n'kumati iye ntchito yake ndi kupemphera basi, ameneyo ndi waganyu.

Komabe tisadzitame. Estrada atamangidwa, pa 1 Meyi 2001 khamu la amphawi linaguba kupita ku nyumba ya boma ya Malacañang kukamumenyera nkhondo, ndipo ena anafera pomwepo. Ankamukonda chifukwa anawafikira pamene ophunzira ndi opemphera ambiri ankawalambalala. Mlandu umenewu ndi wathu, ife a m'magulu a achinyamata ndi m'miphakati. Koma chikondi cha khamu si umboni wa kusalakwa. Pa bwalo la Pilato panalinso khamu.

Pa 12 Sepitembala 2007 khoti la Sandiganbayan linamupeza wolakwa pa mlandu wosakaza chuma cha dziko n'kumulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Mwezi wotsatira Arroyo anamukhululukira. Amene mukuti "nanga si anakhululukidwa", bwererani ku katekisimu: chikhululukiro chimene timaphunzitsa chimayamba ndi chisoni pa machimo ndi kuulula. Estrada sanavomere konse kuti analakwa. Mu 2010 anapikisananso pa upulezidenti n'kukhala wachiwiri, ndipo mu 2013 anthu a mu Manila anamusankha kukhala meya wawo, mpando umene anaukhala mpaka 2019.