Khansa ya m'magazi ikubisala m'malungo

Ku Ulaya ndi ku America, kumene kaundula wa odwala khansa amalembedwa mosadukiza, chiwerengero cha ana opezeka ndi khansa ya m'magazi chakhala chikukwera pang'onopang'ono kuchokera m'ma 1970, ndipo ambiri imawagwira ali ndi zaka ziwiri mpaka zisanu. Mbali ina n'chifukwa choti madokotala akuizindikira bwino tsopano. Koma wasayansi Mel Greaves wa ku London akuti mwana wobadwa ndi chilema chobisika m'maselo a magazi, akakula osakumana ndi tizilombo ali khanda, matenda wamba odza mochedwa amatha kudzutsa khansayi. Kumayiko amenewo ana pafupifupi 90 mwa 100 odwala mtundu wofala wa khansayi amachira. Kuno kwathu ziwerengero zimaoneka zotsika, ndipo ine zimandidetsa nkhawa, chifukwa mwana wotentha thupi, wa zikhatho zotuwa mbee, nkhama zikuchucha magazi, timangoti ndi malungo, n'kumupatsa mankhwala a LA kawiri katatu, mpaka ena amatisiya asanalowe m'kaundula aliyense. Inu amayi, malungo akapanda kupezeka koma mwana akufookerabe, pemphani amuyeze magazi onse. Ku zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central kuli mawodi a ana odwala khansa.

Wolemba: Mlonda wa Zaumoyo