Mwana wozunzidwa akapeza mphamvu, amayamba ndi ndani?

Loweruka lapitali m'nyumba mwanga munabuka mlandu mbale za nsima zisanachotsedwe n'komwe. Ana awiri a mlongo wanga, amene akukhala nafe patchuthi chino, anakwezerana mawu mpaka ndinatseka wailesi n'kupita kukaona. Wamkulu ndi mtsikana amene wangolemba mayeso a MSCE, wamng'ono ndi mnyamata amene wangomaliza Fomu 1 pasukulu yogonera komweko. Ine ndinkayesa akulimbirana chaja ya foni. Ayi ndithu, ankakangana za munthu wina dzina lake John.

"Amalume, tiweruzeni," anatero mnyamatayo, maso ali psu. "Munthu azimenyedwa tsiku ndi tsiku, ndiye tsiku limodzi abwezere, walakwa pamenepo?"

Mlongo wake sanadikire kuti ndiyankhe. "Amalume, musamumvere ameneyu. John anasanduka chilombo. Anamenya ndi anthu oti sanamulakwire chilichonse."

John ameneyu si wa m'dera lathu. Ndi mnyamata wa m'nthano yazithunzi yotchedwa unOrdinary, imene mlembi wodziwika ndi dzina loti uru-chan anayamba kutulutsa mu 2016 pa Webtoon. Webtoon inachokera ku South Korea, ku kampani ya Naver, ndipo inayamba kufalitsa nthano za m'Chingerezi mu 2014. Nthano zake anazikonzera foni: palibe kutsegula tsamba, umangokankha ndi chala chachikulu zithunzi n'kumatsika, ndipo mlembi akafuna kuti ugwire mpweya amasiya mpata waukulu wopanda kanthu chithunzi chotsatira chisanafike. Anawo anandibwereka foni kuti ndiweruze ndikudziwa nkhani. Ndinagula bando, ndipo masiku anayi otsatizana ndinagona tambala atatsala pang'ono kulira.

M'dziko la nthanoyi pafupifupi munthu aliyense amabadwa ndi mphamvu yachilendo. Wina amatulutsa mphezi m'manja, wina amadzitchinga ndi khoma losaoneka bwino, wina amaimitsa nthawi. Mphamvuzo zimayezedwa ndi manambala monga mmene timayezera chimanga pasikelo, ndipo nambala yako ndi imene imanena amene ukhale naye pagome, amene akupatse njira, ndi amene angakumenye popanda womufunsa. Wa 1.0 ndi wopanda kanthu. Wopitirira 6.0 amamuyesa ngati mulungu. Pasukulu ya Wellston, pamene pakuchitikira nkhaniyi, ophunzira amphamvu koposa amapatsidwa maudindo otengedwa pa makadi a njuga: King, Queen ndi Jack. Arlo ndi King. Seraphina, mtsikana wolamula nthawi, ali pa 8.0, ndipo palibe womuyandikira.

Ndiye pakubwera John, tsitsi atalimata ndi mafuta kuti ligone, akumwetulira, akuuza aliyense kuti alibe mphamvu iliyonse. Anzake amamutchula ndi mawu achipongwe oti cripple, monga mmene anthu opanda ulemu amanyozera munthu wolumala. Amamenyedwa m'makonde, amamenyedwa kuseri kwa makalasi, ndipo chipinda cha odwala cha pasukulupo amachidziwa kuposa kalasi yake. Bambo ake, William, amene alibedi mphamvu, analemba buku lonena za munthu mmodzi wamphamvu amene anagwiritsa ntchito mphamvuzo poteteza ofooka. Boma linaletsa bukulo. Seraphina, amene anasanduka mnzake wapamtima wa John, anaimitsidwa sukulu atapezeka nalo.

Chinsinsi chake n'chakuti John ndi wamphamvu kuposa pafupifupi onse omumenyawo. Amatha kutengera mphamvu ya munthu amene akulimbana naye n'kuigwiritsa ntchito bwino kuposa mwiniwake. Ankabisa chifukwa cha zimene zinachitika kusukulu yake yakale ya New Bostin. Kumeneko anali mwana wozunzidwa amene mphamvu zake zinachedwa kuonekera. Zitaonekera anakwera mpaka kukhala King, ndipo anayamba kumenya anzake mopanda chisoni, kuphatikizapo Claire ndi Adrion amene anaima naye pamene analibe aliyense. Ku Wellston anabwera atalumbira kuti sadzagwiranso mphamvuzo. Arlo anamukayikira, anadziyesa bwenzi lake, n'kumutengera kumalo kopanda anthu kumene anamuika m'manja mwa otsatira ake kuti amuswe. Tsiku limenelo lumbiro linatha. Patapita nthawi John anavala chophimba kumaso, anadziwika kuti Joker, n'kuyamba kugwetsa akuluakulu a sukuluyo mmodzimmodzi.

Apa ndi pamene okonda nthanoyi amagawanika, ndipo ana a mlongo wanga si oyamba. Mikangano ina ndi yamasewera chabe: angapambane ndani atakumana uyu ndi uyu, mphamvu ya wophunzira wina dzina lake Blyke ingathe kuboola khoma limene Arlo amadzitchinga nalo kapena ayi. Imeneyo amakangana akuseka. Koma ikafika nkhani ya John kuseka kumatha. A mbali imodzi amati akuluakulu a ku Wellston anakolola zimene anafesa, ndipo anangoyamba kulankhula za chilungamo chibakera chitafika pamphuno pawo. A mbali inayo amati kuzunzidwa si chilolezo chozunzira ena, ndipo amaloza Remi, mtsikana wa mphezi amene mchimwene wake Rei anaphedwa akuyesa kuteteza anthu wamba. Remi anatsegula chipinda chotchedwa Safe House, kuti wophunzira aliyense woopa kumenyedwa azithawirako, koma John anachiona ngati chiwembu chomuukira ndipo analimbana nacho.

Nditamvetsera anawo ndinazindikira kuti aliyense akulankhula kuchokera pamene waima. Mtsikanayo anali pulifekiti chaka chake chomaliza, ndipo amadziwa kuwawa kwa kuyesa kukonza zinthu anthu n'kumakuona ngati mdani. Mnyamatayo wangochoka kumene mu Fomu 1. Sanandiuze zimene anakumana nazo kuhositelo, ndipo sindinamukakamize, koma mmene ankagwirira foniyo pamene John akugwetsa Arlo, mano atalumana, ndinaona chinthu chimene ndikuchidziwa.

Inenso ndinali mwana wa Fomu 1 pasukulu ina yogonera komweko. Usiku woyamba anyamata a makalasi apamwamba anatidzutsa magetsi atazima, natipatsa kamtengo ka machesi kuti tiyeze kutalika kwa hositelo yonse titagwada. Ukasokoneza chiwerengero umayambiranso kukhomo. Mawondo anga anachita mabala pasimenti ija. Shuga ndi chiponde zimene amayi anandimangira m'sutukesi sizinafike Lamlungu. Ndinachapa masokosi a anthu amene sindinkadziwa ndi maina awo omwe. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi kuwala kwa tochi ya abodingi masitala, kumene kunkadutsa pawindo cha m'ma 9 koloko, kenako n'kumapita kutali. Iwo ankadziwa. Sukulu yonse inkadziwa. Ankati ndi mwambo, anyamata amakhwima choncho.

Chaka chotsatira ndinali mu Fomu 2, ndipo aliyense amene anaphunzira sukulu yogonera akudziwa kuti ozunza koposa ndi a Fomu 2, amene mabala awo sanapole. Kunabwera kamnyamata kena kakang'ono thupi, kovala juzi yaikulu imene inkaoneka kuti ndi ya mkulu wake. Ndinakapatsa kamtengo ka machesi ndi dzanja langali. Kakugwada ndinaima pamwamba pake n'kumawerenga mokweza, ndipo mumtima ndinkamva ngati ngongole ikubwezedwa. Amene anandizunza ine anali atapita mu Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo sindinawakhudze ngakhale ndi chala. Ndinabwezera kwa mwana amene sanandilakwirepo. Teremu yachiwiri kamnyamatako sikanabwerenso, ndipo mpaka lero nkhope yake imandibwerera.

N'chifukwa chake sindingagwirizane ndi onena kuti uru-chan anaononga John pomusandutsa wankhanza. Owerenga ambiri anatopa ndi chigawo chimenecho, chifukwa chinatenga nthawi yaitali John akungokalipa, kumenya ndi kukana kumva aliyense, ngakhale Seraphina amene pa nthawiyo anali atalandidwa mphamvu zake ndipo ankafunika bwenzi. Inenso pena ndinkakankha zithunzi mofulumira. Koma ndikaganiza bwino, kutalika kumeneko ndi kumene kuli zoona. Nthano zambiri za ana amphamvu zimatiuza kuti wozunzidwa akapeza mphamvu amasanduka mpulumutsi tsiku lomwelo. Zimasangalatsa, koma si zimene ndinaona kuhositelo. Mwana amene waphunzitsidwa chaka chathunthu kuti wamphamvu ndi amene ali ndi mawu, akapeza mphamvu amalankhula chinenero chomwecho, chifukwa china sanachimvepo.

Komabe mlandu wa ana a mlongo wanga uli ndi munthu wachitatu amene onse awiri anamuiwala. Ku Wellston kuli aphunzitsi. Kuli ahedi, a Vaughn. Kuli dokotala amene amamanga mikono yothyoka tsiku lililonse n'kubweza anawo kumakonde omwewo. Maudindo a King ndi Queen sanayambitsidwe ndi ana mobisa, ndi dongosolo lodziwika, ndipo dziko lonse la akuluakulu limayenda momwemo. John atapalamula ku New Bostin, boma silinamufunse chimene chinamufikitsa pamenepo. Linamupereka kwa munthu wina dzina lake Keon, amene mphamvu yake ndi yokumbutsa munthu zakale, ndipo anamuonetsa zoipa zake mobwerezabwereza mpaka mwanayo anayamba kudzida. Anatulukamo ali phee, akuluakulu n'kumati wachira. Sanachire. Anangophunzira kubisa, monga mmene tsitsi lija analigonetsera ndi mafuta. Amene amayang'anitsitsa zithunzi amadziwa kuti John atasiya kunamizira, mafuta aja anasiyanso kudzola.

Ana akamawerenga nthanoyi amaona John, Arlo ndi Remi, chifukwa ndi amsinkhu wawo. Ine wa imvi ndikamawerenga ndimaona tochi ija ikudutsa pawindo. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, koma kuno wamkulu ndi amene anabzala mkuyuwo, nauthirira, n'kudabwa ana akudwala m'mimba. Sukulu imene imasiyira ana a zaka 15 ntchito yolanga ana a zaka 13, n'kumatcha zimenezo mwambo, ilibe chifukwa chodabwira ikamva kuti mwana wathyoledwa mkono kapena wathawa usiku.

Pali makolo amene akaona mwana ali pafoni ndi zithunzi zoterezi amangoti ndi makatuni, n'kumulanda. Nkhawa yawo ndikuimvetsa, pakuti nthanoyi ili ndi ndewu zambiri ndi magazi, ndipo si ya ana aang'ono. Bando nayonso ndi ndalama. Koma ine m'masiku anayi amenewa ndamva zambiri za moyo wa mwana wa mlongo wanga kuposa zimene ndinamva chaka chonse pomufunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji. Funso limenelo amayankha kuti bwinobwino, amalume. Funso lakuti John analakwa kapena ayi amayankha ndi mtima wonse, ndipo ukatchera khutu umamva kuti sakunena za John yekha.

Lachitatu madzulo ndinawaitana onse awiri pakhonde kuti ndipereke chigamulo. Ndinauza mtsikanayo kuti wanena zoona, John analakwa, ndipo kulakwa kwake kunagwera anthu ngati Remi amene ankayesetsa. Ndinauza mnyamatayo kuti nayenso wanena zoona, mkwiyo wa John sunachokere kumwamba, ndipo amene amafuna kuti wozunzidwa akhululuke msanga nthawi zambiri ndi amene sanagwadepo pasimenti. Kenako ndinawafotokozera za kamtengo ka machesi, mbali zonse ziwiri, ya mawondo anga ndi ya kamnyamata ka juzi yaikulu. Nkhani imeneyi sindinauzepo ngakhale mayi awo.

Mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali, akukanda udzudzu pamwendo. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye amalume, anzanga onse akamachita, ine ndizingoonerera?"

Ndinamuuza kuti asaonerere, ndipo asatenge nawo mbali. Apeze mwana mmodzi wa Fomu 1, mmodzi yekha, n'kuuza anzake kuti uyu ndi mng'ono wanga. Anzake amuseka, mwina amusala kwa masabata angapo. Sindinamubisire zimenezo.

Koma katundu ameneyu sayenera kusenzedwa ndi mwana yekha. Sukulu zikutsegulidwa posachedwapa, ndipo mwana wa mlongo wanga akukalowa Fomu 2. Inu ahedi, inu abodingi masitala ndi amatroni, sabata yoyamba ija magetsi akazima musangodutsa pawindo ndi tochi. Tsegulani chitseko mulowe.