MFUTI ILIBE PASIPOTI

Acinyamata anzanga, tiyeni tikambe zoona. Mukamva kuti munthu wa m'mudzi mwanu waolotsa mfuti pa malire ataibisa m'thumba la cimanga, mumacita ciani? Ambiri a ife timatseka pakamwa. Timati, "Ndi mbale wathu, sitingamgulitse kwa apolisi." Ine ndikuti kukhala cete kotere si cikondi ai. Ndi mantha, ndipo ndi chimo.

Dziko lathu la Zambia lazingidwa ndi maiko 8. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, ya ku Angola mu 2002, koma mfuti sizinathe. Funsani makolo a ku Chadiza ndi ku Katete za zigawenga za Renamo zimene zinali kuoloka malire kudzapha anthu m'zaka za m'ma 1980. Mfuti ya AK-47 ikakwiriridwa bwino imalirabe patapita zaka zambiri, ndipo mbala ndi opha njobvu amaifuna-funa.

Ena amati apolisi a dziko lina asalowerere za kwathu. Kodi otere anaganiza bwino? Wapolisi wa ku Chipata akamathamangitsa cigawenga amaima pa malire a Mwami, pakuti mphamvu zake zathera pomwepo. Cigawenga cimapitirira cikuseka. Ndico cifukwa cake mu 1995 akulu a apolisi a kumwera kwa Africa anakumana ku Victoria Falls nakhazikitsa bungwe la SARPCCO kuti azidziwitsana ndi kuthandizana. Caka comweco apolisi a ku South Africa ndi a ku Mozambique anayamba nchito yochedwa Operation Rachel. Anthu a m'midzi ya ku Mozambique anali kuloza pomwe panakwiriridwa zida, apolisi ndi kuzifukula ndi kuziphulitsa. Mfuti zikwi-zikwi zinaonongedwa. Mu 2001, ku Blantyre, maiko a SADC anasaina pangano loletsa malonda obisika a mfuti.

Taonani tsono: anthu wamba akadapanda kuloza malo, apolisi akadafukula pati? Pangano lili pa pepala, koma maso ali m'mudzi. Masowo ndinu.

Musanenenso kuti izi si za Mpingo. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Cikristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kulandira mfuti kwa anthu ndi kuwapatsa makasu, njinga ndi makina osokera. Pa msonkhano wanu wa sabata ino werengani Yesaya 2:4, muone kumene nzeruyi inacokera.

Ngati mudziwa pamene pabisidwa mfuti, musaikhudze. Uzani apolisi. Ngati muopa kupita nokha, pitani ndi abusa kapena amfumu. Wakutsina khutu ndi mnansi: mbale amene mwamuulula lero mwina mwampulumutsa ku mlandu wakupha. Mukakhala cete, mfuti yomweyo idzalira usiku pa khomo la munthu wina. Kodi pa maliro amenewo mudzaimba nao nyimbo ndi mtima wotani?